Makhadi Achafufumimba a Amalume Kachingwe

Amalume anga, a Kachingwe, anabwerera kumudzi mwezi wathawu ali m'bokosi. Wowaperekeza ndinali ine. Pabwalo la ndege anthu a yunifolomu anayang'ana mapepala, anadinda, anandipepesa chifukwa cha zovutazo, basi. Palibe anatiimitsa, palibe anafunsa kanthu. Koma ine ndinakhala pampando m'ndegemo ndikudikirabe kuti wina andigwira paphewa, chifukwa mantha a amalume anali atandilowa nane ngati chimfine. Zaka makumi awiri anakhala kuno ku Glasgow osapondako kwathu ku Ntcheu ngakhale kamodzi, poopa khomo lomwelo limene tinadutsa m'mphindi zochepa.

Chimene chinkawaopetsa chili patebulo pano pamene ndikulembera. Ndi chitini chakale cha mabisiketi, chithunzi cha pachivindikiro chinafufutika kalekale, ndipo m'kati muli makhadi. Za chitinichi ndifikako. Ndiyambe ndi khomo, pakuti aliyense amene anawadziwa amalume anayamba wadziwana ndi khomo lawo.

Ankakhala ku Dennistoun, m'nyumba zosanja zamiyala zija, pansanjika yachitatu. Ukafika pakhomo pawo sunkangogogoda ngati pa anthu ena. Unkagogoda katatu, n'kudikira, n'kugogodanso kawiri, kenako n'kuwerama pakabowo kolowetsera makalata n'kutchula dzina lako. Ine ndinkati, “Ndine NaPhiri, amalume, ndili ndekha.” Ukaiwala mawu akuti ndili ndekha, unkaima pamasitepe ozizira aja mpaka miyendo kuchita dzanzi. Ukanena bwino unkamva mapatapata akukhwekhwerezeka, kenako loko wapamwamba, loko wapansi, tcheni, ndiye diso limodzi. Akatsegula ankayamba asuzumira kumbuyo kwako, moni pambuyo.

Anali munthu wamtali, woonda, wa imvi zometa bwino, wovala tayi ngakhale pokataya zinyalala. Kwathu anali kalaliki wa pasiteshoni ya sitima, ndipo ukalalikiwo sunawachoke. Chilichonse chinali ndi malo ake, pensulo inkakhala yosongoka, ndipo akalemba unkaganiza kuti ndi satifiketi. Anabwera kuno atakula kale, mkazi wawo atamwalira, n'kupeza ntchito yosamalira okalamba panyumba ina ku Maryhill, m'mbali mwa ngalande ija yoyendamo mabwato. Amene anagwira nawo ntchito amanena kuti pometa ndevu za nkhalamba panalibe wowaposa. Ankameta akuimba nyimbo ya m'buku chapansipansi, nkhalamba mpaka kugona lezala lili pakhosi.

Kuseri kwa chitseko chawo kunkakhala kachikwama kakuda kolongedzeratu. Munali Baibulo, juzi, mswachi, masokosi ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Ndikafunsa ankangoti munthu wamkulu sagona asanadziwe pamene pali nsapato zake. Kalata ya envulopu yakhaki sankatsegula. Ankaiika pamwamba pa firiji kudikira Loweruka kuti ndidzawawerengere, ndipo ndikamang'amba iwo ankakaima kukhitchini ngati akuyang'ana ketulo. Nthawi zonse inkakhala ya magetsi kapena ya kuchipatala. Galimoto ya apolisi ikaima mumsewu ankazimitsa wailesi. Kutchalitchi ankakhala benchi yomalizira, pafupi ndi khomo. Katatu anawapempha kuti akhale mkulu wa mpingo, katatu anakana, ati dzina likangolembedwa papepala limamera miyendo.

Tinkawaseka, ndisaname. Azibambo a kutchalitchi anawapatsa dzina lakuti a Maloko, ndipo nane ndinkaseka nawo. Tinkaganiza kuti ndi ukalamba, kapena kuzizira kwa kuno kwawalowa m'mutu.

Koma akakhala patebulo la pazenera ndi chitini chawo, ankasanduka munthu wina. Ankayamba asamba m'manja ngati akufuna kudya. Kenako ankayala katoni yoyera imene anaijambula ndi pensulo ndi rula, mabokosi khumi ndi awiri, mizere itatu ya anayianayi. Ndiye ankatulutsa makhadi limodzilimodzi, kuwagwira m'mbali ndi nsonga za zala. Anali timakhadi tating'ono, ta zithunzi zopanda utoto, ta anthu osewera besiboli, masewera a ku Amereka aja omenya kampira ndi chibonga. Masewerawo amalume sanawaonerepo, ndipo sankafuna n'komwe. Ankati masewera amene munthu amathamanga ndi mtima wonse kuti akafike pomwe anachokera ndi a anthu okhuta.

Za nkhope analibe nazo ntchito. Makhadi onse ankawagoneka chafufumimba. Anandifotokozera kuti kalelo, zaka zoposa zana zapitazo, wosindikiza ankapanga kumaso kokha, kumsana n'kusiya koyera. Masitolo a m'matauni osiyanasiyana ankagula makhadiwo, aliyense n'kusindikiza dzina la sitolo yake kumsanako, n'kumapatsa ana a makasitomala. Ndiye munthu ndi yemweyo, chithunzi ndi chomwecho, koma ukatembenuza lina likuitanira anthu ku sitolo ya nsapato, lina ku ya masuti, lina ku ya mipando, lina ku ya maswiti, lina likutsatsa nyuzipepala, lina ndi loyera mbee. Pakatoni paja amalume ankayala makhadi a wosewera mmodzi yekha, bambo wina wokhala chonyonyomala, chigolovesi chachikulu kudzanja. Dzina lake linali pansi pa chithunzi koma iwo ankangomuti Wonyonyomala.

“Amalume, komatu ndi munthu mmodzimodzi ameneyu,” ndinatero tsiku loyamba.

“Ndiwe nesi wa mtundu wanji iwe, wongoyang'ana kumaso?” anandiyankha. “Tembenuza wodwalayo.”

Ankadziwa zinthu zoti ine ngakhale ndi magalasi sindinkaziona. Sitolo ya masuti inasindikiza kawiri, koyamba ndi zilembo zonenepa, kachiwiri ndi zoonda, ndipo kwa iwo amenewo anali makhadi awiri osiyana ngati mbuzi ndi nkhosa. Lina linasindikizidwa chadodolido, ndipo limenelo ankalikonda ngati mwana wopulupudza. Ankadziwanso achinyengo. Pali anthu amene amatenga khadi la msana woyera n'kulidinda ndi chidindo kuti lioneke ngati la sitolo yosowa. Amalume ankalipendeketsa pakuwala kwa pazenera n'kundionetsa kuti inki ya makina imalowa m'pepala, pamene ya chidindo imakhala pamwamba n'kufalikira m'mbali mwa zilembo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero. Ankakondanso kunena kuti kumaso aliyense amasamba, koma ukafuna kudziwa amene watuma munthu uyang'ane kumsana.

Makhadi a Wonyonyomala analipo khumi ndi limodzi. Bokosi lomaliza, la pakona yakumanja, linkakhala lopanda kanthu, ndipo ndikafunsa ankasintha nkhani.

Makhadiwa anawayambanitsa ndi Mayi Nachisale a ku Shawlands, mayi wa mapemphero amphamvu. Anabwera kudzawazonda atadwala chifuwa, n'kupeza nkhope za azungu akufa zitagonekedwa chafufumimba m'mizere. Sanamwe ndi tiyi yemwe. Pofika Lamlungu theka la mpingo linali litamva kuti a Maloko ndi okhwima, theka linalo kuti amatchova njuga. Mayiwo anabweranso ndi mafuta odzozera ndi machesi. Ine ndinalipo, ndipo ndinaona chinthu chimene sindinachionepo. Munthu woopa envulopu yakhaki uja anaima pakati pa mayiwo ndi tebulo, mapewa atawongoka.

“Mayi, pempherani mpaka mawa, tiyi ndizikuthirirani,” anatero. “Koma machesiwo abwezeni m'chikwama.”

Anatha zaka ziwiri osapatsana moni.

Mkangano waukulu unali wa ine ndi iwo. Amayi anga anali mlongo wawo yekhayo, ndiye mwinimbumba wathu anali iwowo. Foni ya maliro a amayiwo inandipeza m'mawa ndikuweruka kuchipatala, ndipo ndinapita ku Dennistoun ndi yunifolomu yomwe. Ndinagogoda katatu ndi kawiri misozi ili chuchuchu. Anakhala pansi, analira ngati mwana, akuitana amayi dzina la paubwana limene ine sindinkalidziwa. Nditati ndege ilipo mawa, tinyamuke, anapukuta maso n'kuyang'ana pansi.

“Pita wekha, NaPhiri. Ukandipepesere kwa anthu.”

“Ndikapepese chiyani, amalume? Mwadwala? Pasipoti yatha?”

“Sindingadutse pa eyapoti paja.”

“Mlongo wanu agone m'manda oloza munthu wobwereka, inu muli moyo, mukusewera ndi zithunzi za azungu?”

Ndinanena zina zimene sindingazilembe pano. Kumaliro anthu anandifunsa mpaka pakamwa kuuma. Malo a manda analoza msuweni wakutali, ndipo pa nthawi yoti mwinimbumba alankhule panali zii, mpaka wina anangoyambitsa nyimbo. Nditabwerako ndinatha miyezi itatu osakwera masitepe awo.

Tsiku limene ndinakwera, sanandifunse za ulendo. Anakhoma maloko onse awiri, anatseka makatani dzuwa likuswa mtengo, anaika chitini pakati pathu, n'kundiuza za a Dankani.

A Dankani anali nkhalamba ya kuno imene amalume ankaisamalira ku Maryhill m'zaka zawo zoyamba. Anabadwira ku Amereka, kumene makolo awo anapita kukafuna ntchito. Bambo awo ankaphika buledi pabekale ina yaing'ono, ndipo bekaleyo nayo inkaika makhadi amenewa m'mapepala okulungira buledi, dzina lake lili kumsana. Banjalo linabwerera ku Glasgow a Dankani akadali mwana, atakumbatira chitini. Pamene amalume ankawadziwa anali atapitirira zaka makumi asanu ndi anayi. Masiku ena ankaiwala dzina la mwana wawo wamkazi, ankaiwala ngati adya. Koma akawameta n'kuwayalira makhadi chafufumimba, ankatchula sitolo iliyonse, msewu wake, ndi fungo la m'katimo. Limodzi lokha linasowa, la ku bekale ya bambo awo. Ankati linatayika m'sitima ya pamadzi pobwera.

Masana ena Lachisanu, a Dankani anakankhira chitinicho kwa amalume. Anati mwa anthu onse a m'nyumbamo, wodziwa kutembenuza khadi osalipinda ndi iwo okha. Anati atenge, ndipo akadzalipeza la bambo awo, adzaliike pakona.

Polowa ntchito amalume anasaina pepala loletsa kulandira mphatso kwa okalamba, ngakhale sopo.

“Ndinkadziwa, NaPhiri,” anandiuza. “Ndine kalaliki ine, pepala sindisaina osawerenga. Koma kwathu unamuonapo ndani akubweza dzanja la nkhalamba yoti ikutsanzika? Ndinangozindikira ndagwada, ndalandira ndi manja awiri.”

Anaganiza zokawauza amanijala Lolemba. Lolemba lomwelo m'mawa kunabwera apolisi, osati chifukwa cha iwo, koma cha mnzawo wina wa pantchito, mayi wobwera ngati ife, amene ankamuganizira kuti watenga wotchi ya nkhalamba ina. Anamudutsitsa m'chipinda chodyera, wapolisi uku wapolisi uku, anthu onse akuona. Amalume anali ataima ndi thireyi ya phala. Mayi uja sanamuonenso, ndipo sanamve kuti zinatha bwanji. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anati adikire kaye masiku angapo kuti fumbi litsike. Lachitatu a Dankani anamwalira, ndipo mboni yawo yokhayo inapita.

Patapita miyezi anayesa kuchita zimene anatumidwa. Anatenga khadi limodzi kupita nalo kumsika wa zinthu zakale wa Loweruka kuti akafunse kumene angapeze la ku bekale. Wogulitsa analiyang'ana nthawi yaitali, anaitana mnzake, onse awiri anayang'ana khadi, kenako anayang'ana amalume kuyambira kunsapato. Anati makhadi ngati amenewa sapezeka m'matumba mwa anthu wamba, iwo analitenga kuti? Amalume analanda khadi lawo, chipewa anachisiya pomwepo pabenchi, anayenda wapansi mpaka ku Dennistoun osacheuka. Chiyambire tsiku limenelo anatsimikiza kuti dzina lawo linalembedwa penapake, ndipo likudikira tsiku limene adzapereke pasipoti kwa munthu wa yunifolomu. Mlandu suola, ankatero.

Kumsikako sanasiye kupita, koma khadi la a Dankani sanatulukenso nalo. Ankangoyenda m'mabenchi kutembenuza makhadi a eni, kufunafuna la chithunzi cha buledi kumsana. Anayambanso kugula makhadi ena otchipa, a osewera mpira amene masitolo a tiyi ndi a maswiti a kuno ankapereka kale, kuti apolisi akadzabwera adzaone ngati ndi munthu wosonkhanitsa makhadi kuyambira kale. Mbuzi ankaibisa pakati pa mbuzi zinzake. Mapeto ake amenewonso anawakonda, mpaka kudziwa kuti sitolo ina ya ku Maryhill inasintha adiresi kumsana kwa makhadi ake itasamukira tsidya la msewu.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanangochiponyera mungalande chitinicho. Anati anapita nacho kamodzi pamlatho, anachigwira pamwamba pa madzi mpaka manja kuuma.

“Apolisi ndimawaopa,” anatero. “Koma a Dankani ndimawaopa kuposa apolisi. Anandituma.”

Khoswe anali atakhala pamkhate. Ndinayenera kuwaseka tsiku limenelo. Ndinayenera kuwagwira dzanja kupita nawo kwa wodziwa malamulo kuti akawauze kuti nkhani yake si yoti n'kuphera munthu moyo wonse. Sindinatero. Nane ndine wobwera, nane ndimagwira ntchito ndi odwala, nane ndili ndi mapepala anga oti ndiwasamale. Ndinaganiza kuti tsopano poti ndadziwa, mlanduwo wandikhudza. Ndinatuluka m'nyumba muja ndikuyang'ana uku ndi uku pamasitepe, ndipo kuyambira pamenepo dzina la a Maloko silinandiseketsenso.

Tsopano ndinene za Loweruka lija, zaka zinayi zapitazo, limene ndikanakonda nditaliiwala.

Anali masana, kunja kukuwaza mvula. Amalume anali atayala makhadi, ine ndikusenda mbatata. Tinamva ndodo pamasitepe, kutali pansi. Go. Zii. Go. Zii. Inkakwera pang'onopang'ono, n'kumapuma pansanjika iliyonse. Amalume anasiya kulankhula. Ndodo ija inadutsa khomo la pansi pathu, inakwerabe, inaima pakhomo pathu. Kunamveka kugogoda kawiri kokha, kofooka.

Mawu a mayi wokalamba anaitana m'Chingerezi cha kuno. Anatchula dzina la amalume molipotoza, n'kunena kuti iwo ndi a Moira, mwana wa a Dankani amene ankakhala ku Maryhill.

Sindinaonepo munthu wakuda akutuwa ngati mmene anatuwira amalume. Milomo inayera ngati phulusa. Anaimirira, anavala jekete, anatenga kachikwama kakuda kaja, ndipo ndinaganiza kuti akukatsegula kuti adzipereke. Koma analowa m'bafa n'kukhala m'mphepete mwa besini losambiramo, chikwama pamiyendo.

“Uwauze kuti ndinapita kwathu,” ananong'ona. “NaPhiri, mwana wa mlongo wanga, ndakupempha.”

Ndinavundikira makhadi ndi nsalu ya mbale. Ndinatsegula chitseko tcheni chili chokola, ndikuyembekeza kuona apolisi awiri kumbuyo kwa mayiyo. Panalibe wina. Panali kamayi kakafupi, kokalamba, kovala kapulasitiki kumutu, kakupuma movutikira, dzanja limodzi pandodo lina pakhoma.

Ndinanama. Ndinati a Kachingwe anabwerera ku Malawi chaka chatha. Anandiyang'ana, anayang'ana chipewa cha amalume chimene chinali pamsomali kumbuyo kwanga, anandiyang'ananso. Sananditsutse.

“Chabwino, mwana wanga,” anatero. “Ukadzawaona uwapatse iyi. Masitepe awa sindingawakwerenso kachiwiri.”

Anapisa envulopu yoyera pampata wa tcheni. Sindinawapatse mpando. Sindinawapatse madzi. Ine, mwana woleredwa ndi amayi anga, ndinatseka chitseko pamaso pa nkhalamba yonyowa ndi mvula, n'kuima kumvetsera ndodo ikutsika. Inatenga nthawi yaitali kuti ifike pansi.

Amalume anatuluka m'bafa patatha ola. Envulopu anaiyang'ana ili patebulo, osaikhudza. Ndinati titsegule, koma ndinanena ndi pakamwa pokha. Iwo anati kalata yosatsegula sinanene kanthu, ndipo mlandu umayamba tsiku limene wawerenga samani. Anaitenga ndi nsonga za zala ngati khadi, anaiika pansi penipeni m'chitini, makhadi pamwamba. Makalata awo onse ndinkatsegula ndine. Imeneyi ndikanatha kuitsegula tsiku lililonse iwo ali kukhitchini. Sindinaitsegule chifukwa ndinkaopa, palibenso chifukwa china.

Kuchokera tsiku limenelo anatha ngati kandulo. Kumsika anasiya, ati tsopano akudziwa kumene ndimakhala. Makatani sankatsegulanso, moti makhadi ankawayang'ana ndi nyali masanasana. Anawonjezera loko wachitatu. Ndodo iliyonse pamasitepe, ngakhale ya aneba a pamwamba amene anathyoka mwendo, inkawaimitsa pakati pa mawu. Anakhala choncho zaka zinayi.

Anamwalira m'chipatala, m'mawa, patatha masiku asanu chigwereni m'khitchini. Mbali imodzi inali itafa ndipo mawu ankatuluka movuta. Anandifunsa ngati ndakhoma maloko onse. Ndinati ndakhoma. Anandikoka ndi dzanja lamoyo lija mpaka khutu langa linafika pakamwa pawo.

“Akabwera, uwauze kuti sindinabe. Anachita kundipatsa.”

Makiyi a nyumbayi ndikubweza Lachisanu, ndiye dzulo ndinabwera kudzalongedza. Chitini ndinachisiya komalizira. Ndisanachitsegule ndinadzuka kukaona ngati maloko ali okhoma, ndipo ndinadzipeza ndikutseka makatani. Envulopu inali pomwe anaiika, itayamba chikasu m'mbali. Ndinaing'amba.

Munali pepala limodzi lolemba pamanja, ndi kanthu kena kokulunga m'pepala lopyapyala. A Moira analemba kuti bambo awo anawauza za chitinicho sabata lomwelo limene anachipereka, ali bwinobwino m'mutu, ndipo iwo anakondwa, chifukwa m'banja mwawo munalibe wina wosamala za makhadi. Analemba kuti maliro atatha anatumiza kalata ku ofesi ya nyumba ya okalamba ija kunena kuti banja likuvomereza mphatsoyo, ndipo zaka zonsezi ankaganiza kuti amalume anauzidwa. Tsopano nawonso akusamukira kunyumba ya okalamba. Polongedza katundu anapeza kabuku ka agogo awo kolembamo kaphikidwe ka buledi, ndipo pakati pake panali khadi. Silinatayike m'sitima. Adiresi ya amalume anawapatsa ndi mtsikana wa ku Malawi amene amabwera kudzawasambitsa m'mawa. Mzere womaliza unati bambo awo ankanena kuti munthu wowameta uja adziwa pamene khadili likuyenera kukhala.

Ndinamasula kapepala kaja. Anali Wonyonyomala, chigolovesi chake kudzanja. Ndinatembenuza. Panali chithunzi cha buledi, dzina la bekale pansi pake, ndi mawu oitanira amayi kudzagula m'mawa buledi akadali wotentha. Ndinatsegula katani n'kulipendeketsa pakuwala monga anandiphunzitsira. Inki inali yolowa m'pepala.

Zaka zinayi linagona pansi pa anzake khumi ndi limodzi, m'chitini chimene ankachitsegula tsiku ndi tsiku.

Pansi pa kalatayo panali nambala ya foni. Ndinaimba. Anayankha bambo wina, mwaulemu, n'kundiuza kuti mayi ake anamwalira chaka chatha. Anandifunsa ngati ndinali mnzawo. Ndinati ayi, ndine munthu amene ndinawaimika pakhomo. Sanamve chimene ndikutanthauza, ndipo anandithokoza chifukwa choimba.

Ndalira, ndipo ndakwiya. Ndakwiyira amalume, ndakwiyira amene anaika kalata ya a Moira m'kabati osauza munthu, koma kwambiri ndadzikwiyira ndekha. Maliro a amayi anali atadutsa kale, amenewo sindikanawabweza. Koma zaka zinayi zomalizazo zinali m'manja mwanga. Akanatha kupita ku Ntcheu ndi miyendo yawo, kukagwada pamanda a mlongo wawo n'kupepesa okha. Apita, inde, ndipo agona pambali pawo, koma pepani uja sanamunene.

M'nyumba muno mwatsala tebulo ndi mpando umodzi. Makatani ndachotsa, ndipo dzuwa lafika pakhoma pamene silinafike zaka zinayi. Pamsomali palibe chipewa. Kuseri kwa chitseko, pamene pankakhala kachikwama kakuda, kapeti ndi yatsopano kuposa kwina konse, kachigamba kamakona anayi kosapondedwa. Pamwamba pa firiji ndapukuta, panalibe kalata.

Katoni yawo ndaiyala pazenera. Mabokosi khumi ndi limodzi ndi akuda m'mbali chifukwa cha zala zawo, pensulo inachita kufufutika n'kubwerezedwa. La pakona yakumanja ndi loyera, mizere yake ikadali yakuthwa ngati anajambula dzulo. Makhadi khumi ndi limodzi ndawagoneka chafufumimba, lililonse pamalo pake. La ku bekale lili pambali, pakapepala kake. Ndalinyamula kangapo n'kulibwezanso. Wotumidwa sanali ine.

Maloko onse atatu ndamasula, tcheni ndachotsa. Chitseko chili chotsegula kuyambira m'mawa, mpaka mphepo ya pamasitepe ikugwedeza kalata ya a Moira patebulo. Sikunabwere munthu.